Ndigule pulogalamu iti yosungira imelo, kalendala ndi manambala a makasitomala pa ka loji kanga?

Mayi ena a ku Senga Bay afunsa kuti: "Ndili ndi ka loji ka zipinda 8 ndi holo yochitiramo mawekishopu. Mu ofesi timakhalamo atatu, ine, mwana wa achemwali anga ndi mnyamata wa pa risepushoni. Mabukingi timalemba mu hadikava, maimelo amafikira pa Gmail yanga yakalekale, manambala a makasitomala ali mu foni ya mnyamatayu. Mwezi watha tinalandira magulu awiri tsiku limodzi holo yake imodzi yomweyo, manyazi ake osasimbika. Wina akuti ndigule Microsoft 365, wina akuti Google Workspace, wina akungoti Outlook. Ndigule chani?"

Mayi, pepani ndi za magulu awiri zija. Ndikuziona m'maso, anthu atsika mu kosta kuchokera ku Lilongwe ndi maflipitchati awo kukhwapa nkupeza anzawo akhala kale mu holo akumwa tiyi wa 10 koloko. Koma pa funso lanulo ine ndikuti musagule kaye chilichonse, ndalamayo isungeni. Ndawerenga kawiri uthenga wanu ndipo chimene chandidetsa nkhawa si holo ayi, ndi pamene mwati manambala a makasitomala ali mu foni ya mnyamata. Apopo nde pali nkhani.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ku Nkhotakota. Bambo ena ogulitsa mpunga wa kilombero, amene amatumiza matumba ku masukulu ndi mashopu a mtauni, anandiitana kuti imelo yawo yatsekeka. Titakhala pa mulu wa matumba laputopu ili pamiyendo, ndalemba adiresi, pasiwedi akuti sakuidziwa chifukwa amatsegula ndi mnyamata wawo, nde ndadina poti ndaiwala pasiwedi, Google ikuti titumiza kodi pa nambala yothera 47. Bambo aja kuyang'ana foni yawo, nambala yawo sithera 47, ya akazi awo sithera 47. Inali ya mnyamata amene anamuchotsa ntchito masabata awiri m'mbuyomo atakangana za matumba osowa. Imelo ya bizinesi, dzina la bizinesi, maoda a zaka zinayi ali mmenemo, koma mwini wake pamaso pa Google anali mnyamata uja. Tinachita kumutsata kwawo cha ku Benga ndi ka ndalama ka thiransipoti kuti atiwerengere manambala 6 basi. Akanakana palibe chimene ndikanachita olo ndine wa makompyuta. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Nde choyamba, lero lomwe, tsegulani Gmail yatsopano ya dzina la loji, yosiyana ndi yanu yakale ija imene mumalandirirapo za ku tchalitchi ndi za ana. Mutsegule nokha kapena wina akutsegulireni muli pompo mukuona, ndipo pamene ikufunsa nambala ya foni muikepo nambala imene inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, chifukwa simu ikatayika amene amakaitenganso ku Airtel kapena ku TNM ndi mwini chiphaso, osati amene amaigwiritsa ntchito. Imelo yobwezeretsera muike yanu yakale ija. Kenako yatsani 2-Step Verification, chitetezo chofunsa kodi kuonjezera pa pasiwedi, ndipo mkati momwemo muli pena palembedwa Backup codes, Google ikupatsani makodi 10 a manambala 8 iliyonse, kodi iliyonse imagwira kamodzi. Awa muwasindikize kapena muwakopere ndi bolopeni muwaike komwe mumasunga mapepala a malo. Osawajambula ndi foni yomweyo, chifukwa tsiku lowafuna ndi lomwe foniyo yagwera m'nyanja.

Mwina mukuti bwanji Google osati enawo. Si kuti ndimaikonda kwambiri ayi, koma yang'anani mafoni a anthu atatu inu, ndikhulupirira ndi ma Tecno, itel kapena Samsung, onsewo ndi Android ndipo Gmail, Calendar ndi Contacts zimayenda mmenemo popanda kulimbana nazo, pena zimabwera zili kale mu foni pena mumangotsitsa pa Play Store. Zitatu zimene mwafunsazi zili mu akaunti imodzi yaulere ndi malo okwana 15 GB. Malowa amagawana Gmail, Drive ndi Photos, ndiponso kuyambira 2024 bakapu ya WhatsApp pa Android imadyanso pa 15 GB yomweyo, nde mukalola mavidiyo a ukwati onse a pa gulu la banja kumalowa mmenemo mudzadabwa tsiku lina maimelo asiya kufika. Ikadzadza Gmail siilandira kalata. Ndi chifukwa china chosasakanizira akaunti ya loji ndi ya inu mwini.

Tibwere ku manambala aja. Mufoni ya mnyamatayo atsegule Contacts, apite pa Export, ituluka fayilo yothera .vcf, imeneyo mutumizirane ndi kuilowetsa pa Import mu akaunti ya loji. Ntchito ya mphindi zochepa. Imene imatenga nthawi ndi yokonza mayina, poti ndikudziwa zimene mukapeze: "Bwana wekishopu", "Bwana wekishopu 2", "Amayi a NGO", "Driver LL". Mnyamatayo amawadziwa onsewa pamutu koma inu simungadziwe kuti Bwana wekishopu 2 ndi ndani. Khalani naye pansi masana amodzi muziwafunsa mmodzimmodzi, dzina lenileni, bungwe lake, ndipo pa Notes mulembe tinthu tija timaiwalika, kuti awa amalipira patatha mwezi, awa amafuna chambo osati nkhuku, awa gulu lawo silidya nkhumba. Nambala iliyonse iyambe ndi +265 mutachotsa 0 woyambayo, imagwira bwino pa WhatsApp komanso mukakhala kunja. Mu Contacts muli batani lina lotchedwa Merge and fix limene limapeza munthu amene analembedwa kawiri katatu nkumuphatikiza. Ndipo musasungenso nambala ya kasitomala pa simu, simu imangonyamula manambala cha m'ma 250, dzina ndi nambala basi, ikapsa zapita. Mu Settings ya Contacts sankhani kuti nambala yatsopano iliyonse izipita ku akaunti ya loji, apo bii mnyamata azisungabe mwa chizolowezi mu foni ndipo pakatha miyezi itatu mwabwerera pomwe munali.

Pali kamodzi kamene Google yaulere imalephera, ndinene poyera. Manambala simungagawane pakati pa maakaunti awiri mmene mumagawanirana kalendala. Njira yake ndi yolowetsa akaunti ya loji yomweyo mu mafoni awiri, ndipo apa nde ndikukupemphani muwonongeko ndalama, gulani foni ya risepushoni, olo yotchipa bola ikhale Android, ndi simu yake yolembetsa m'dzina lanu. Foni imeneyi ndi ya loji ngati mmene makiyi a zipinda alili a loji, munthu akaweruka amaisiya pa chaja. Pasiwedi mulembemo nokha, mnyamata safunika kuidziwa kuti awerenge maimelo. WhatsApp Business muikenso pa nambala yomweyi poti tisanamizane, makasitomala ambiri akuyamba ndi WhatsApp imelo imabwera pambuyo akafuna kotesheni yoti akapereke ku akaunti zawo, ndipo WhatsApp yomweyo mutha kuilumikiza ku zida zina mpaka 4, nde inu muli ku Kamuzu Road kogula zinthu mukuonabe zimene akuyankha. Foni ikabedwa mumalowa mu akaunti pa chida china, Security, Your devices, nkuitulutsa. Wina akafufuta manambala mwangozi kapena mwa nkhanza, amakhala mu Trash masiku 30 musanawataye. Komabe ine ndimauza aliyense kuti pakutha pa mwezi, tsiku lolipira anthu, apange Export aike ka fayiloko pa flashi.

Tsopano holo. Apa mumve bwino chifukwa anthu amaganiza kuti kalendala ya pa foni ili ndi nzeru, ayi ndithu, Google Calendar siikuletsani kulemba magulu awiri tsiku limodzi, imangowaika moyandikana kuti muone ndi maso. Chimene chinakuchitikirani sichinali vuto la hadikava, ndikuganiza kuti inu munavomera gulu lina pa foni muli panjira, mnyamata analemba lina mu buku, kapena mwana wa achemwali anayankha imelo osauza munthu. Malo olembamo anali atatu, mutu wanu, buku ndi imelo. Ubwino wa kalendala ya pa intaneti ndi woti bukulo limakhala m'thumba mwa aliyense nthawi imodzi, basi.

Pangani kalendala yakeyake muitche Holo. Kupanga kalendala yatsopano mumapangira pa laputopu, kapena pa Chrome ya pa foni mutasankha Desktop site, ikapangika nde imaoneka mu app. Mwana wa achemwali mumugawire pa Gmail yake yomwe ali nayo, ndipo pogawapo imakufunsani mphamvu zimene mukumupatsa: kungoona kuti tsikuli latengedwa, kuona zonse, kusintha zolembedwa, kapena kusintha ndi kugawiranso ena. Mpatseni yachitatuyo, Make changes to events, yomalizayo ikhale ya inu nokha. Ophika kapena amene amakubweretserani nsomba mutha kuwapatsa yachiwiriyo, yoona zonse, kuti azidziwa Lachiwiri kuli anthu 40.

Polemba gwirizanani kalembedwe kamodzi. Ine ndimakonda chonchi: dzina la bungwe, anthu angati, nambala ya amene waimba. Ngati sanapereke dipoziti kutsogolo kwake kukhale chizindikiro cha funso ndi mtundu wachikasu, akatumiza pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki nde mumachotsa funsolo nkusintha kukhala wobiriwira, nambala ya thiranzakishoni nkuiika mmunsi. Paja mabungwe ena amagwira malo atatu nthawi imodzi, Salima, Mponela ndi Dowa, akudikira abwana asayine, nde yachikasu ikakhala sabata osasintha mukudziwa kuti ndi yoimbira foni. Ndipo palibe kunena kuti eya kwa kasitomala musanatsegule kalendala, olo ndi inu eni ake loji, olo akuimbayo ndi mlamu wanu.

Chenjezo limodzi la kuno kwathu. App imalola kulemba olo mulibe bandulo, koma chimene mwalembacho chimangokhala mu foni yanu mpaka netiweki ibwere, anzanu sakuchiona. Nde mnyamata bandulo itamuthera Lolemba nkulemba gulu la Lachisanu, inu pa foni yanu Lachisanu likuoneka loyera nkuvomera ena, zija zachitikanso. Muonetsetsenso kuti bandulo ya foni ya risepushoni ndi ya intaneti yonse osati ija ya WhatsApp kapena Facebook yokha, imeneyo siyendetsa kalendala. Zinthuzi sizidya data yambiri, ndi malemba chabe.

Za zipinda 8 zija ndisakunamizeni, kuziika zonse mu kalendala pa ka sikirini ka foni zimaoneka ngati chitenje, nthawi ya Khirisimasi kapena ya Mother's Day pamene Senga Bay yadzadza simuona kanthu. Zipinda zimakhala bwino mu Google Sheets, masiku kutsika mmunsi zipinda kupita chammbali, nayonso ndi yaulere mu akaunti yomweyo. Kapena zisiyeni mu hadikava kaye poti alendo a zipinda ambiri amangofika. Muyambe ndi holo, nde ikubweretsa ndalama zambiri ndi manyazi ambiri.

Mu kalendala yaikulu ya akaunti muikemo zokumbutsa zobwereza mwezi ndi mwezi: ngati mumadula PAYE, msonkho wa pa malipiro a antchito, imafunika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT ngati munalembetsa ndi pa 25, muike kuti izilira masiku atatu tsikulo lisanafike. Laisensi ya ku khonsolo chimodzimodzi. Muthanso kuyatsa Holidays in Malawi kuti 15 January, 3 March, 14 May, 6 July ndi 15 October zizioneka zokha.

Imelo sindichedwapo. Pa Gmail yakale ija yatsani Forwarding kuti zobwera zizifikanso ku yatsopano mpaka anthu azolowere. Pangani malebulo ochepa, Kotesheni, Ngongole, Zalipidwa, atatu akwana, amene amapanga 20 sawagwiritsa ntchito. Pa laputopu mu Settings, Advanced, muli Templates, mulembemo kamodzi yankho la mitengo ya holo ndi chakudya kuti musamalembe chomwechomwecho tsiku lililonse. Kotesheni ndi invoisi zizipita ngati PDF osati Word yoti munthu atha kusintha manambala, ndipo zomata pa imelo imodzi zisapyole 25 MB, zithunzi za zipinda muzisankhe zinayi zabwino osati 30. Muzisuzumira mu Spam kamodzi pa sabata, ndinaonapo oda yeniyeni itagona mmenemo mpaka tsiku lake kudutsa. Imelo iliyonse yonena kuti tasintha akaunti ya ku banki lipirani kuno, kapena yoti dinani apa mulembe pasiwedi kuti muone LPO, kalata ya oda, imbani kaye foni pa nambala imene mukuidziwa kale.

Amene akuti Outlook uja muwafunse kuti Outlook yake iti, poti dzinali lili pa zinthu zitatu. Pali Outlook.com, imelo yaulere ya Microsoft, imene ili ndi kalendala ndi manambala ngati Gmail yomwe, 15 GB ya makalata ndi 5 GB ya OneDrive, ndi yabwinobwino kungoti pa Android muchita kuonjezera app. Pali Outlook ya mu Office ya pa kompyuta, imene ili chotsegulira makalata chabe, ndipo pali Microsoft 365 yolipira. Yachiwiriyi nde imandipatsa ntchito kwambiri kuno. Munthu anaikiridwa Office yokuba ndi anyamata a pa msika, nkumulumikizira imelo pa POP, kutanthauza kuti makalata amatsika kulowa mu fayilo imodzi ya .pst mu laputopu, ndipo kalendala ndi manambala zimakhalanso momwemo osapita kwina kulikonse. Magetsi kubwera mwamphamvu, hadi disiki kupsa, zonse zathera pomwepo. Ngati mukufuna kumawerenga makalata akale pa laputopu netiweki itagwa, tsitsani Thunderbird ya Mozilla, ndi yaulere mwachilungamo osati yokuba, muilumikize pa IMAP kuti makalata azikhala ku Google ndi kope lake pa laputopu. Koma kwa anthu atatu a mafoni m'manja ndikuona ngati mutha kukhala osaifuna.

Nanga zolipirazo ndi za ndani? Google Workspace ndi Microsoft 365 chimene mumagula kwenikweni ndi ziwiri. China ndi adiresi ya dzina lanu, yothera dzina la loji ndi .mw kapena .com m'malo mwa gmail.com, imene imaoneka bwino pa kotesheni yopita ku mabungwe akuluakulu. China, chimene kwa ine ndi chachikulu, ndi mphamvu ya admin, wantchito aliyense amakhala ndi akaunti yake koma mwini wake ndinu, akachoka mumangosintha pasiwedi makalata onse nkutsala, zija za ku Benga sizingachitike. Vuto ndi loti amalipiritsa pa munthu aliyense mwezi uliwonse, mtengo wake uli m'madola, polipira pafunika khadi ya banki yovomerezeka kugula kunja, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anali pa zinthu zolipira m'madola bilu inangokwera iwo osaonjezera kanthu. Khadi ikakana osaikonza akaunti amaiyimitsa, makalata a makasitomala nkumabwerera. Walira mvula walira matope.

Tsiku limene mudzaone kuti mukufunikadi, mwina bungwe lakuuzani kuti pa mndandanda wa masapulaya salandira za gmail, kapena antchito ogwira imelo afika asanu, musadzalipirire aliyense. Mu Workspace munthu mmodzi atha kukhala ndi maadiresi owonjezera mpaka 30 osalipira china, nde info, bookings ndi accounts zonse zitha kumagwera m'bokosi limodzi. Pakati pa awiriwa, ngati mwazolowera kale Gmail ndi Calendar pitani Workspace, palibe chophunziranso. Microsoft 365 ndi ya ofesi imene imakhalira Excel ndi Word tsiku lonse. Palinso Zoho Mail ya kampani ya ku India imene mitengo yake imakhala yotsikirapo, ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono amathawira kumeneko, ili ndi kalendala ndi manambala zake. Dzina la pa intanetilo, domain, la .mw limayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP ndipo lililonse limafuna kulipiridwa nthawi yake ikakwana. Apanso nkhani ndi yomwe ija, lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya mnyamata wokupangirani webusaiti amene chaka chamawa adzakhale ali ku Johannesburg foni osayankha.

Hadikava musaitaye, miyezi iwiri yoyamba muzilemba konse kuwiri, madzulo aliwonse wina aziyerekeza buku ndi kalendala mpaka manja azolowere. Ndipo mnyamata wa pa risepushoni mumulankhule bwino, asaone ngati mukumukayikira kapena mukukonza zomuchotsa, mungomuuza kuti loji yagula foni yake nde manambala asamukire mmenemo, mumugulireko ka bandulo. Musanapange Import muja mumupatse mpata achotse manambala ake a kunyumba, chifukwa Export itha kutenga onse osasankha, a amalume ake, a ngongole zake ndi ena aja olembedwa "Plumber" amene amaimba 11 koloko usiku.